MAKINA OCHEZA NDI ANTHU NDI NTHENDA YA KUIWALA KWA OKALAMBA

Chaka changa choyamba cha uphunzitsi ndinachithera pa sukulu ina ya kufupi ndi malire a Zambia, m'boma lino la Mchinji. M'kalasi langa la Sitandade 5 munali mnyamata wina wanzeru ndi wosajomba, amene tsiku lina anangoleka kubwera. Nditafufuza ndinamva kuti agogo ake akazi anapezedwa mbanda kucha m'dimba la eni ake, lichero liri m'manja, alikunena kuti akupita kwa amai ao kukapeta mapira. Amai aowo anali atamwalira kale-kale. Anthu a pamudzi sanachedwe kumasulira: anati gogoyo wagwa pa ulendo wa usiku. Kuyambira tsiku limenelo ana anzake anayamba kumutcha mnyamatayo mdzukulu wa mfiti, ndipo iye anaona kuti kuli bwino kungokhala kunyumba.

Pa nthawi imeneyo ndinalibe mau oti ndiwauze anthu aja. Lero ndidziwa kuti zimene anachita gogoyo ziri zizindikiro zodziwika bwino za nthenda ya ubongo imene madokotala aitcha dementia. Ndidziwanso kuti m'maiko ena akatswiri alikuyesa makina otha kucheza ndi munthu, kuti pomvetsera kayankhulidwe kake athandize dokotala kuzindikira nthendayi msanga. Nkhani imeneyi itikhudza ife ophunzira chinenero koposa m'mene tingaganizire, pakuti chimene makinawo ayesa ndicho chinenero chenichenicho. Chotero m'nkhani ino tiona nthendayi, tione m'mene makinawo agwirira nchito, ndipo potsiriza tifunse ngati angathe kuwamva bwino agogo a ku Mkanda kapena a kwa Mlonyeni.

NTHENDA YOSOWA DZINA

M'Chichewa tiribe liu limodzi lokhazikika la nthendayi. Ena ati munthu wabwerera ku umwana, ena ati wasokonezeka mutu, ena angoti ndi ukalamba, ndipo ena, mwatsoka, ati ndi ufiti. M'nkhani ino tiitcha nthenda ya kuiwala, ngakhale kuti kuiwala kuli mbali imodzi yokha ya nthendayo.

Tiyenera kusiyanitsa kuiwala kwa masiku onse ndi nthenda. Munthu wa bwino-bwino aiwala pamene waika khasu, koma akaganiza pang'ono akumbukira. Wodwala nthendayi afika poiwala njira ya ku munda umene waulima zaka 40, afunsa funso limodzi kasanu pa ora limodzi, alephera kuphika nsima imene waiphika moyo wake wonse, ndipo pomaliza saazindikira ngakhale ana ake. Chochititsa ndicho kufa pang'ono-pang'ono kwa tizigawo ta ubongo. Mwa odwala 100 ali onse, pakati pa 60 ndi 70 ali ndi mtundu wotchedwa nthenda ya Alzheimer. Ambiri mwa otsalawo nthenda yao ichokera ku kuonongeka kwa mitsempha ya magazi ya m'ubongo, makamaka kaamba ka kuthamanga kwa magazi ndi sitiroko.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linawerengera kuti mu 2021 odwala anali 57 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 ali onse anali m'maiko osauka ndi apakati. Mu 2017 bungwe la Alzheimer's Disease International linanena kuti kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kunali odwala 2.13 miliyoni m'chaka cha 2015, ndi kuti adzafika 7.62 miliyoni pofika 2050. Si nthenda ya Azungu okha ai. Imatsata ukalamba, ndipo anthu athu alikukhala ndi moyo zaka zambiri kuposa kale.

Mankhwala ochiritsa nthenda ya Alzheimer sanapezeke. Nanga phindu la kuizindikira nchiani? Mayankho alipo awiri. Loyamba ndilo lakuti pali matenda ena ofanana nayo amene achiritsika kapena kuchepetsedwa ndi chithandizo cha ku chipatala. Kukhumudwa kwakukulu, kugontha, malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo mwa munthu wokalamba, chindoko, kachirombo ka HIV, ndi kumwa kachasu kopitirira, zonsezi zisokoneza mutu. Palinso nthenda ya pelagra, imene igwira anthu odya chimanga chokha-chokha popanda nyemba, nsomba kapena nsinjiro: khungu lithetheka, m'mimba mutseguka, ndipo nzeru zisokonekera. Inagwira anthu zikwi-zikwi mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali m'dziko muno mu 1990, ndipo ichira ndi mankhwala a mtengo wochepa. Yankho lachiwiri ndilo lakuti dzina la nthenda litchinjiriza wodwala. Mu January 2016 okalamba anai anaphedwa ku Neno atanenezedwa ufiti mphezi itapha mtsikana wina. Lamulo la 1911 liletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo loteteza okalamba, komabe pamudzi chimene chiziziritsa mitima msanga ndi mau a ku chipatala akuti, "Agogowa akudwala."

NTHENDA IMVEKA M'MAU

Kuyambira pachiyambi pomwe nthendayi inazindikirika mwa kucheza. Mu November 1901 dokotala wina wa ku Germany, Alois Alzheimer, anakhala pansi ndi mai wa zaka 51, Auguste Deter, m'chipatala cha ku Frankfurt, nalemba mafunso ake ndi mayankho a maiyo. Atamfunsa dzina lake anayankha bwino. Atamfunsa dzina la mwamuna wake anabwereza dzina lake lomwe lija. Maiyo atamwalira mu 1906, Alzheimer anapima ubongo wake napeza zoonongeka zimene lero zidziwika ndi dzina lake.

Pambuyo pake kunaoneka kuti chinenero chiyamba kusintha nthenda isanaonekere poyera. Ku America, kuyambira 1986, David Snowdon anatsata moyo wa masisitere 678 okalamba. Ena a iwo anali atalemba mbiri za moyo wao ali atsikana, polowa m'chipani chao. Mu 1996 kunapezeka kuti amene zolemba zao zinali ndi maganizo ochepa m'chiganizo chiri chonse ndiwo amene anadwala kwambiri nthendayi patapita zaka zoposa 50. Ku England, mlembi wochuka Iris Murdoch atamwalira ndi nthendayi mu 1999, akatswiri anayerekeza buku lake lomaliza la 1995 ndi mabuku ake akale, naona kuti mau ake anali atachepa ndi kukhala wamba, ngakhale kuti kamangidwe ka ziganizo kanali kasanaonongeke kweni-kweni.

Zizindikiro za m'kayankhulidwe ziri zotere: munthu asowa dzina la chinthu nangoti "ujeni" kapena "chakuti", aima kawiri-kawiri pakati pa chiganizo, abwereza nkhani imene wangoinena, ataya mutu wa nkhani, ndipo akafunsidwa mafunso awiri pamodzi ayankha limodzi lokha.

M'MENE MAKINA AGWIRIRA NCHITO

Makina amene tinena pano ndi kompyuta kapena foni ya m'manja yokhala ndi luntha lochita kupangidwa ndi anthu, limene ambiri alidziwa ndi dzina lakuti AI. Nchito yake iyenda m'masitepe anai.

Poyamba makina afunsa mafunso ndi mau omveka, monga munthu. Afunsa zimene wodwala wachita posachedwa, amuonetsa chithunzi kuti afotokoze zimene aona, ndipo amuuza kuti atchule nyama zonse zimene angakumbukire pa mphindi imodzi. Kachiwiri ajambula mayankho nawasandutsa zolembedwa. Kachitatu awerenga zinthu zimene khutu la munthu silingathe kuwerenga: utali wa kuima kuli konse, liwiro la kuyankhula, kuchuluka kwa mau osiyana-siyana, ndi kubwereza. Kachinai ayerekeza zimenezi ndi mau a anthu ena ambiri amene madokotala anawapima kale, ena odwala ndi ena osadwala, ndipo anena ngati munthuyo afanana ndi gulu ili kapena ilo.

Chitsanzo chodziwika ndi CognoSpeak, yopangidwa ndi a yunivesite ya Sheffield ku England pamodzi ndi madokotala a mzinda womwewo. Pa galasi la kompyuta paoneka nkhope ya munthu wongopangidwa amene acheza ndi wodwala. Mu 2023 nchitoyi inalandira mapaundi 1.4 miliyoni kuti iyesedwe pa anthu 700. Maziko ake anali kafukufuku wakale wa ku Sheffield komweko, womvetsera m'mene odwala ayankhulira ndi dokotala. Kunaoneka kuti munthu wongoda nkhawa ndi kuiwala kwake afotokoza mwatsatane-tsatane tsiku ndi malo pamene anaiwala, pamene wodwala weni-weni ayankha mwachidule, ati "sindidziwa", ndipo kawiri-kawiri atembenukira kwa amene wamperekeza kuti amuyankhire. Ku Boston nako, mu 2024, makina ena omvetsera mau ojambulidwa analosera molondola, pafupi-fupi pa anthu 78 mwa 100, amene adzadwala nthenda ya Alzheimer m'zaka 6 mwa anthu amene anali atayamba kale kuiwala pang'ono.

Taonani kuti 78 si 100. Makina amenewa sapereka chigamulo. Angosefa, monga sefa ilekanitsa ufa ndi misere, kuti dokotala adziwe amene ayenera kumuona msanga. Kupima magazi, kufunsa abale ndi kuchotsa matenda ena aja iri nchito ya munthu wophunzira za chipatala.

Kwa ife chikoka cha makina otere nchoonekeratu. Boma la Mchinji linali ndi anthu oposa 600,000 pa kalembera wa 2018. Zipatala zodziwika za matenda a maganizo ziri ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ngakhale Lilongwe ali pa mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera pa boma. Koma alangizi a zaumoyo ali m'midzi, ndipo foni afika nayo pali ponse. Kufunsa za umoyo pa foni si kwachilendo: Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011 nichifalikira dziko lonse. Makina oyankha m'Chichewa nawo anayamba kuoneka: mu 2024 bungwe la Opportunity International linayesa Ulangizi, wothandiza alimi kudzera pa WhatsApp. Chotero funso lakuti makina angacheze ndi agogo athu si loto ai. Funso lalikulu ndi lakuti: kodi adzawamva bwino?

PAMENE MAKINA ANGAPUNTHWE

Makina adziwa zokha zimene anaphunzitsidwa, ndipo mau ambiri amene makina a mtundu umenewu aphunzirirapo ndi a Chingerezi, a anthu opita ku sukulu a ku America ndi ku Ulaya. Kuti makina amve kayankhulidwe kodwala ayenera kuyamba adziwa kayankhulidwe ka munthu wokalamba wa bwino-bwino wa dera limenelo. Tione malo asanu pamene angalakwe.

1. Funso lenilenilo. Mayeso ochuka a MMSE, a 1975, auza munthu kuchotsera 7 kuchokera pa 100 motsatizana, kulemba chiganizo ndi kujambula zithunzi ndi pensulo. Agogo amene sanagwirepo pensulo adzalephera ngakhale ubongo wao uli wangwiro. Chifukwa cha ichi akatswiri ogwira nchito ku Hai, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, anatulutsa mu 2014 mayeso otchedwa IDEA, amene afunsa kuti mlatho nchiani, mfumu ya mudzi ndani, lero ndi lachingati, ndipo m'malo mwa kujambula munthu ayala timitengo ta machesi. Kuno kwathu, kafukufuku wa mabanja ndi umoyo wotsogozedwa ndi yunivesite ya Pennsylvania wakhala akuyendera midzi ya Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira 1998, ndipo kuyambira 2012 watsata anthu oposa 1,200 a zaka 45 ndi kupitirira, ndi mayeso a nzeru okonzedwera anthu osadziwa kuwerenga. Ngakhale m'mayeso amenewo amene anapitako ku sukulu apeza mamalikisi ochuluka. Makina osadziwa zimenezi adzayesa umbuli wa sukulu kuti ndi nthenda.

2. Ulemu. Ku Sheffield kutembenukira kwa wokuperekeza kuli chizindikiro cha nthenda. Kuno mai wachikulire wolera bwino, mlendo akamfunsa pamaso pa mlongo wake kapena mwini mbumba, ayamba wayang'ana kwa iwo asanayankhe, ndipo nthawi zina awasiyira kuti ayankhe ndiwo. Akafunsidwa dzina la mwamuna wake sangalitchule. Adzati "bambo a uje", kutchula mwana woyamba, kapena adzatchula mfunda. Alzheimer anaona nthenda pamene mai uja analephera kutchula mwamuna wake. Makina angaone nthenda yomweyo mwa mai amene angosunga mwambo. Chimodzi-modzinso kukhala chete. Munthu wamkulu sathamangira kuyankha, pakuti kuyankha msanga nkwa ana. Makina owerenga kuima kuli konse ndi muyeso wa ku Boston adzaweruza molakwa ulemu wa ku Kapiri.

3. Kawerengedwe ka nthawi. Funso lakuti "Chino nchaka chanji?" liri m'mayeso ambiri. Koma akulu-akulu ambiri awerenga zaka ndi zochitika: njala ya 1949, masiku a Chitaganya, chaka cha referendamu, njala ya 2002. Awerenga miyezi ndi nchito: nthawi ya kusosa, ya kupalira, ya kukumba mtedza. Munthu wodziwa kuti tiri m'nyengo ya kubandira sanasokere pa nthawi, ngakhale sadziwa tsiku la mwezi.

4. Chinenero cha m'malire. Pa Mwami ndi m'misika ya m'malire munthu mmodzi asakaniza Chichewa, Chinsenga ndi Chinyanja cha m'matauni a Zambia. Wina ati "tsopano", wina "manje". Wina "ndiri bwino", wina "nili bwino". Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ali ndi abale kwa Mpezeni, tsidya lija la malire. Madoda amene anapita ku Joni pa Wenela kapena pa Theba aponyamo mau a ku migodi. Makina ozolowera Chichewa cha m'mabuku adzalemba mau otere molakwa, kenaka nkuwerenga kulakwa kwao komwe monga kusokonezeka kwa wodwala. Komanso nkodziwika kuti munthu wa zinenero ziwiri akadwala nthendayi kawiri-kawiri abwerera ku chinenero cha ubwana wake. Tsono agogo amene ayamba kuyankha m'Chinsenga chokha-chokha, pamene kale anali kuyankhula Chichewa, mwina akupereka chizindikiro cheni-cheni. Koma achimva yekhayo amene adziwa zinenero zonse ziwiri. A CognoSpeak anaona bvuto lofanana ndi limeneli, nagwirizana ndi anthu a ku Somalia okhala mu Sheffield kuti makina ao amvenso anthu amene Chingerezi si chinenero chao chobadwa nacho.

5. Chuma cha mau. Uzani agogo a kumudzi atchule nyama pa mphindi imodzi. Adzati kapuku, mende, tondo, bwampini, sakhwi, pfuko. Amenewa ndi mayankho abwino asanu ndi limodzi, oonetsa ubongo wakuthwa. Makina odziwa liu limodzi lokha lakuti mbewa adzataya ambiri a iwo. Onjezanipo kukweza ndi kutsitsa kwa mau, kumene sitikulemba: mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pa msika, khungu la thupi ndi khungu la maso. Ku yunivesite ya Zambia akatswiri anatulutsa mu 2023 nkhokwe ya mau ojambulidwa yotchedwa Zambezi Voice, ya Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi, yophunzitsira makina kumva zinenero zimenezi. Nchito yotere ndiyo maziko. Koma mau a wachinyamata wowerenga buku asiyana ndi mau a nkhalamba yopanda mano yosimba za kale.

Kulakwa kwa makina kuli ndi mbali ziwiri, ndipo zonse ziwawa. Akamutcha wodwala munthu wangwiro, abale angamlande ulamuliro wa munda wake ndi mau ake pa bwalo. Akamutcha wangwiro munthu wodwala, anthu adzati, "Mwaona, ngakhale makina akana, tsono usiku uja anali kufuna chiani m'dimba la eni?"

MBALI YA MPHUNZITSI

Mphunzitsi si dokotala, ndipo asayese kutchula nthenda ya munthu ali yense. Komabe pali zinthu zinai zimene ziri m'manja mwake.

Choyamba, aphunzitse ana kuti kuiwala kotere ndi nthenda, monga khunyu kapena shuga, ndi kuti gogo wosokera aperekezedwe kwao, asaponyedwe miyala. Tsiku la 21 September, limene dziko lonse likumbukira nthenda ya Alzheimer, lipereka mpata wabwino wa phunziro lotere.

Chachiwiri, akamva kwa mwana kuti agogo ayamba kusokera kapena kusintha khalidwe, alankhule ndi makolo mwaulemu kuti apite nao ku chipatala, makamaka ngati kusinthako kwadza mwadzidzidzi, pakuti kusokonezeka kwa masiku ochepa kawiri-kawiri kuchokera ku matenda ochiritsika.

Chachitatu, asunge chinenero cha akulu-akulu. Pa phunziro la Chichewa atume ana akafunse agogo ao maina a mbewa, a bowa, a mitengo ndi a nyengo, nalembe monga momwe anenera, osakonza kuti afanane ndi buku. Ngati ajambula mau pa foni ayambe wapempha chilolezo kwa mwini mau ndi kwa abale ake, ndipo asawatumize kwa munthu wina popanda iwo kudziwa, pakuti mau a munthu ndi ake. Nchito imeneyi ipindula kawiri: isunga chuma chimene makina ali onse adzachifuna, ndipo ipatsa okalamba anthu ocheza nao. Kusungulumwa nako kuli m'gulu la zinthu zoonjezera ngozi ya nthendayi.

Chachinai, asunge ana pa sukulu. Mu 2024 akatswiri osonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet anatchula zinthu 14 zimene zikadapewedwa zikadachepetsa odwala ndi pafupi-fupi 45 mwa 100 ali onse. Zina ndi kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa ndi kugontha. Koma chimene chiri pa chiyambi cha moyo ndicho kuchepa kwa maphunziro. Mwana ali yense amene mumsunga m'kalasi lero mulikumtchinjirizira ubongo wa ukalamba wake.

Mnyamata uja anabwerera ku sukulu patapita milungu itatu, a mfumu ataitanitsa bwalo ndi kuletsa matonzo. Agogo ake anakhala zaka zina ziwiri, alikufunsabe za amai ao madzulo ali onse, ndipo mdzukulu waoyo ndiye anali kuwayankha. Anaphunzira yekha kuti kuwatsutsa kunali kuwaliritsa, koma akawafunsa kuti, "Agogo, mapirawo munali kupeta bwanji?" anali kukhala pansi ndi kusimba mpaka tulo. Makina amene adzafika pa Mchinji tidzawayesa ndi muyeso umenewo: ngati adziwa kufunsa monga mwana wa pamudzi, kudikira yankho monga mwana wolera bwino, ndi kutumiza kwa dokotala munthu woyenera. Amene adzawaphunzitse zimenezi ndi anthu odziwa chinenero cha kuno, ndipo ambiri a iwo ndinu amene mulikuwerenga tsamba lino.